Zilolezo zokumba mafuta ndi gasi pafupi ndi madzi: kodi kutalikirana ndi gombe n'kokwanira?

Chidwi walemba:

Moni kwa nonse. Ndakhala ndikuwerenga malamulo a mayiko osiyanasiyana okhudza zilolezo zokumba mafuta ndi gasi m'nyanja komanso pafupi ndi mitsinje ndi madambo, ndipo pali chinthu chimodzi chimene chikundizunguza mutu. Mayiko ambiri akafuna kuteteza madzi awo amajambula mzere pa mapu, n'kulamula kuti mkati mwa mzerewo pasaperekedwe chilolezo kwa kampani iliyonse. Dziko la Italy linaletsa zilolezo zatsopano mkati mwa mamailo 12 a panyanja kuchokera ku gombe, womwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 22. Ku America, lamulo la mu 2006 linatseka mbali ya Gulf of Mexico imene ili mkati mwa mamailo 125 kuchokera ku gombe la Florida. Komatu ngozi ya kuphulika kwa nsanja yokumbira mafuta panyanja ya Deepwater Horizon mu Epulo 2010 inachitikira pa mtunda wa makilomita oposa 60 kuchokera ku gombe la Louisiana, ndipo mafutawo anakafikabe m'magombe a Louisiana, Mississippi, Alabama ndi Florida. Ngati mphepo ndi mafunde zimanyamula mafuta mtunda wautali chotero, kodi mzere wa pa mapuwo umateteza chiyani kwenikweni?

Funso langa lachiwiri likukhudza nyanja za m'kati mwa dziko, zija za madzi opanda mchere zimene anthu amamwa. Ndaona kuti mayiko ena amagwiritsa ntchito lamulo limodzi lomwelo popereka chilolezo chokumba pamtunda, m'nyanja yamchere ndi m'nyanja ya madzi akumwa, pomwe mayiko ena analetseratu kukumba m'nyanja zoterezi. Kodi pali chifukwa chomveka chosiyanitsira malamulowa, kapena n'chifukwa chakuti anthu okhala m'mbali mwa nyanja zina ali ndi mawu amphamvu kuposa anzawo? Ndikupempha amene anaphunzira za malamulo ndi amene amadziwa ntchito yokumbayi kuti atiunikire.

Namalamulo wayankha:

Zikomo a Chidwi chifukwa cha funso limene nthawi zambiri limalumphidwa aphungu akamakambirana mabilu a mafuta. Tiyambe ndi kumene mizereyi inachokera, chifukwa yambiri mwa iyo sinajambulidwe poganizira mmene mafuta amayendera pamadzi, koma pofuna kugawana ulamuliro. Pangano la United Nations la malamulo a panyanja la mu 1982 limapatsa dziko ulamuliro pa madzi a mamailo 12 kuchokera ku gombe, komanso ufulu pa chuma cha m'madzi ndi cha pansi pa nyanja kufikira mamailo 200. Ku America, lamulo la Submerged Lands Act la mu 1953 linapatsa maboma a zigawo mamailo atatu okha, kupatulapo Texas ndi gombe la kumadzulo kwa Florida kumene malire ali pa mamailo pafupifupi 9, ndipo kupitirira pamenepo zilolezo zimaperekedwa ndi boma lalikulu la ku Washington. Chitsime cha ku Santa Barbara chitaphulika mu Januwale 1969, boma la California linasiya kupereka zilolezo zatsopano m'madzi ake, koma nsanja imene inabweretsa ngoziyo inali kunja kwa mamailo atatuwo, kumene California inalibe mphamvu, ndipo akuluakulu a boma lalikulu anali atalola kampaniyo kuika mapaipi otchinga khoma la chitsime afupiafupi kusiyana ndi mmene malamulo awo ankanenera.

Sindikunena kuti mzerewo ulibe ntchito. Umachepetsa mavuto a tsiku ndi tsiku amene salembedwa m'nyuzipepala: kudontha pang'onopang'ono, madzi oipa otuluka m'chitsime limodzi ndi mafuta, phokoso, ndi zombo zodutsa pamalo oswanirana nsomba, omwe nthawi zambiri amakhala pafupi ndi gombe. Umaperekanso masiku angapo okonzekera mafuta asanafike kumtunda. Koma chitsime chikaphulika n'kumataya mafuta kwa masiku 87 monga zinachitikira mu 2010, mtunda umaleka kuthandiza, ndipo chimene chimatsala ndi mmene lamulo linalembedwera pa nkhani ya woyang'anira ndi ya wolipira.

Nkhani ya woyang'anira ndi imene ine ndimaiona kuti ndiyo yaikulu. Chaka cha 2010 chisanafike, bungwe limodzi la boma la America, Minerals Management Service, ndilo linkagulitsa zilolezo, kutolera ndalama kwa makampani, komanso kuyendera nsanja kuti lione ngati zikutsata malamulo a chitetezo. Bungwe limene likuyembekezera ndalama kuchokera kwa munthu silingamuimitse ntchito munthuyo mosavuta. Ngoziyo itachitika, bungwelo linathetsedwa ndipo ntchito zake zinagawidwa kwa mabungwe atatu osiyana. Dziko la Britain linali litaphunzira kale zimenezi mwa njira yowawa, nsanja ya Piper Alpha itapsa mu Julayi 1988 n'kupha anthu 167. Kafukufuku amene anatsogolera Lord Cullen anachititsa kuti udindo woona za chitetezo uchotsedwe ku unduna wa zamphamvu n'kuperekedwa ku bungwe loona za chitetezo cha pantchito, komanso kuti kampani izilemba yokha chikalata chofotokoza ngozi zonse zimene zingachitike ndi mmene idzazipewere, n'kuchivomerezetsa isanayambe ntchito. European Union inaika mfundo zofananazo m'lamulo lake la mu 2013. Choncho mukamawerenga bilu iliyonse ya mafuta, musanayang'ane chiwerengero cha makilomita, yang'anani kaye ngati nduna imene ikupereka chilolezo ndi yomweyo imene ili ndi mphamvu yochilanda.

Pa nkhani ya wolipira, lamulo la Oil Pollution Act la mu 1990, limene linabwera chombo cha Exxon Valdez chitataya mafuta ku Alaska mu 1989, linkanena kuti mwini nsanja ya panyanja alipire ndalama zonse zoyeretsera, koma chipukuta misozi kwa anthu okhudzidwa chisapitirire madola 75 miliyoni pokhapokha patapezeka kusasamala kwakukulu kapena kuphwanya malamulo. Kampani ya BP, imene inkayendetsa chitsime chimene chinaphulika mu 2010 chija, pamapeto pake inagwirizana ndi boma la America ndi maboma a zigawo kulipira madola 20.8 biliyoni, osawerengera zimene inalipira asodzi ndi amalonda paokha. Inatha kulipira chifukwa ndi kampani yaikulu. Chikanakhala chitsime cha kampani yaing'ono, ngongoleyo ikanagwera anthu olipira msonkho.

Funso lanu lachiwiri lili ndi yankho lachidule pa mbali ya malamulo. Pangano la mu 1982 lija silikhudza nyanja za m'kati mwa dziko, choncho dziko lililonse limadzipangira lokha. Chitsanzo chabwino ndi nyanja zisanu zikuluzikulu za m'dera la malire a America ndi Canada. Boma la Michigan linaletsa zitsime zatsopano zolowa pansi pa nyanjazi mu 2002, ndipo Nyumba ya Malamulo ya America inaletsa kotheratu zilolezo zatsopano m'nyanjazi kapena pansi pake mu 2005. Tsidya linalo, chigawo cha Ontario chakhala chikulola zitsime za gasi mkati mwa Lake Erie kwa zaka zoposa 100, koma sichilola kutulutsa mafuta kudzera m'zitsime za pamadzizo. Zifukwa za sayansi ndizisiyira amene amaidziwa ntchitoyi kuposa ine.

Mmisiri wayankha:

Mayi Namalamulo afotokoza bwino za malamulo, ine ndiwonjezere za chitsimecho, chifukwa olemba malamulo ambiri amaganizabe kuti chitsime chimangolunjika pansi. Masiku ano chitsime chimayambira pamtunda, n'kupindika pang'onopang'ono mpaka kuyenda chopingasa pansi pa madzi. Ku Wytch Farm, kumwera kwa England, zitsime zoyambira pamtunda zinafika mtunda woposa makilomita 10 pansi pa nyanja kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ku Sakhalin, kum'mawa kwa Russia, zafika patali kuposa pamenepo. Ku Uganda, mafuta a Kingfisher amene ali pansi pa Lake Albert akufikidwa ndi zitsime zoyambira pa gombe. Lamulo likangonena kuti kukumba m'nyanja n'koletsedwa, osatchula za pansi pa nyanja, kampani ikhoza kuimika makina ake mamita ochepa kuchokera pamadzi n'kukhala kuti sinalakwire lamulo. N'chifukwa chake lamulo la mu 2005 limene latchulidwa lija linanena mawu onse awiri, m'nyanja ndi pansi pa nyanja.

Kunena chilungamo, kukumba kuchokera pamtunda kumachepetsadi ngozi, chifukwa pakamwa pa chitsime pamakhala pamalo ofikika ndi magalimoto, ndipo mukhoza kuzungulizapo khoma loletsa mafuta kuyenderera. Koma ngoziyo imasamukira ku mapaipi ndi matanki. Mu Malichi 2023 paipi ya ku Wytch Farm komweko inadontha m'madzi a Poole Harbour. Mu 2010 paipi inaphulika ku Michigan n'kuthira mafuta olemera mu mtsinje wa Kalamazoo, gawo lina la mafutawo linamira pansi m'malo moyandama, ndipo ntchito yoyeretsa inatenga zaka zingapo ndi ndalama zoposa madola 1 biliyoni. Lamulo limene limayang'ana chitsime chokha, n'kusiya mapaipi kuti aziyendetsedwa ndi lamulo lina lofooka, lateteza theka la ntchito. Dziko la Russia linazindikira zimenezi mu 2006 pamene linasuntha njira ya paipi yaikulu ya ku Siberia, imene poyamba inayenera kudutsa pa mtunda wosakwana kilomita imodzi kuchokera ku Lake Baikal.

Tsopano pa funso la a Chidwi loti kodi nyanja za madzi akumwa ziyenera lamulo lapadera. Ine ndikuti inde, ndipo chifukwa chake si ndale. Nyanja yamchere ndi yotseguka, mafunde amamwaza mafuta, ndipo m'malo ngati Gulf of Mexico, momwe mafuta amatuluka okha m'ming'alu ya pansi kuyambira kalekale, muli tizilombo tambiri tosaoneka ndi maso timene timadya mafutawo. Nyanja ya m'kati mwa dziko ili ngati mtsuko wa kukamwa kochepa: zimene zagweramo zimachedwa kutuluka. Madzi a Lake Erie amasinthika m'zaka zosakwana zitatu, koma a Lake Superior amatenga zaka pafupifupi 190, a Lake Baikal zaka zoposa 300, ndipo a Lake Tanganyika zaka zoposa 1,000. M'nyanja zakuya za m'madera otentha madzi a pansi sasakanikirana ndi a pamwamba ndipo alibe mpweya wa okosijeni, choncho mafuta amene amira amakhala nthawi yaitali osawola. Onjezani kuti m'nyanja zakalezi muli mitundu ya nsomba yosapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi, ndiponso kuti mizinda imapopa madzi akumwa m'menemo.

Palinso vuto la zipangizo limene silitchulidwa kawirikawiri. Ngozi ya mu 2010 itachitika, makampani anasonkherana n'kupanga zivundikiro zachitsulo zotsekera chitsime chophulika, zolemera matani ambirimbiri, ndipo zina zimasungidwa m'madoko a ku Norway, Brazil, Singapore ndi South Africa kuti zombo zizinyamule mwamsanga. Chombo choterocho sichingafike pa nyanja zambiri zimene zili pakati pa dziko. Njira yomaliza yozimitsira chitsime chophulika ndi kukumba chitsime chachiwiri chokakumana ndi choyambacho pansi, zomwe zimafuna makina ena okumbira, ndipo pa nyanja ya m'kati mwa dziko makinawo ayenera kubwera pa msewu zidutswazidutswa n'kudzalumikizidwa pa gombe. Ku Montara, m'nyanja ya Timor kumpoto kwa Australia, mu 2009, kumene zombo zinkafika popanda chotchinga, chitsime chinataya mafuta kwa milungu yoposa khumi. Lamulo lanzeru liyenera kufunsa kampani kuti makina achiwiriwo ali kuti ndipo adzafika m'masiku angati, ndipo yankho likakhala losakhutiritsa chilolezo chisaperekedwe.

Amene akufuna kuona mapeto a nyanja yokumbidwa popanda kusamala awerenge za Lake Maracaibo ku Venezuela, kumene mafuta akhala akutulutsidwa kwa zaka pafupifupi 100. Muli zitsime masauzande ndi mapaipi okalamba opingasana pansi pa madzi, ndipo chimene chaiwononga si kuphulika kumodzi koma kudontha kosalekeza kwa zipangizo zimene palibe akuzikonza. Ngozi zina n'zoti palibe anaziganizirapo: mu Novembala 1980, makina okumba mafuta pa Lake Peigneur ku Louisiana anaboola mgodi wa mchere umene unali pansi pa nyanjayo, madzi onse anakhuthukira mu mgodimo, ndipo nyanja yosaya ya madzi opanda mchere inasanduka yakuya ndi ya madzi amchere.

Chidwi wayankha:

Zikomo kwambiri mayi Namalamulo ndi bambo Mmisiri. Ngati ndamva bwino, ndiye kuti dziko limene lilibe bungwe loyang'anira loima palokha komanso lilibe zipangizo pafupi lingachite bwino kungoletseratu. Kodi pali amene akuona mosiyana?

Wachuma wayankha:

Ine ndikuona mosiyana pang'ono, a Chidwi, ndipo ndikupempha kuti mbali inayi imvekenso. Mayiko amene analetsa kukumba mosavuta ndi amene analibe mafuta ambiri kapena anali olemera kale. France inakhazikitsa lamulo mu 2017 loti kutulutsa mafuta ndi gasi kuthe pofika 2040, koma mafuta amene inkatulutsa anali kachigawo kochepa zedi ka amene imagwiritsa ntchito. Denmark inasiya kugulitsa zilolezo zatsopano mu 2020 itatulutsa kale mafuta ku North Sea kwa zaka pafupifupi 50. Norway, imene anthu amaitamanda chifukwa chosatsegula madzi a ku Lofoten kumene nsomba zimaswanirana, ndi yomweyo imene yakumba kwambiri kwina konse, ndipo thumba lake la ndalama za mafuta, limene linakhazikitsidwa mu 1990, ndi limodzi mwa aakulu kwambiri pa dziko lonse. Dziko losauka limene lapeza mafuta, monga Ghana mu 2007 kapena Guyana mu 2015, silingauzidwe mopepuka kuti lisiye chuma pansi pomwe zipatala zake zilibe mankhwala.

Chinanso n'chakuti chiletso chosaganiziridwa bwino chimakhala ndi mtengo wake. Italy itakana kulola kampani ya Rockhopper kutulutsa mafuta a Ombrina Mare chifukwa anali mkati mwa mamailo 12 aja, kampaniyo inakasuma ku bwalo la mayiko loweruza milandu ya amalonda, ndipo mu 2022 bwalolo linalamula Italy kulipira mayuro 190 miliyoni. Chigamulocho chinadzafafanizidwa mu 2025, koma mlanduwo unali utatenga zaka zambiri ndi ndalama za maloya. Phunziro lake n'lakuti malo oletsedwa ayenera kulembedwa m'lamulo chilolezo choyamba chisanaperekedwe, chifukwa kampani ikawononga ndalama pofufuza imayembekezera kuti idzaloledwa kutulutsa.

Chiletso chimasinthanso boma likasintha. New Zealand inaletsa zilolezo zatsopano za panyanja mu 2018, koma boma lina linachotsa chiletsocho mu 2025. Ku America, chiletso chimene pulezidenti George H. W. Bush anaika mu 1990 chinachotsedwa ndi George W. Bush mu 2008. Anthu a ku Florida, podziwa zimenezi, anaika chiletso cha m'madzi a chigawo chawo m'malamulo aakulu oyendetsera chigawocho kudzera m'voti ya mu 2018. Maganizo anga ndi akuti malo ochepa osabwezereka, monga nyanja za madzi akumwa ndi matanthwe a korali, atsekedwe ndi lamulo lovuta kusintha, koma kwina konse kukhale kotseguka pansi pa malamulo okhwima. Pa nyanja za madzi akumwa ndikugwirizana ndi bambo Mmisiri popanda kuwiringula.

Wakugombe wayankha:

Ndawerenga zonse ndipo ndaphunzirapo zambiri, koma mpaka pano tikukamba za boma ndi kampani ngati kuti m'mbali mwa madziwo simukhala anthu. Bambo Wachuma akuti dziko losauka lisasiye chuma pansi, ndipo nkhawa yawo ndi yomveka, koma nsomba ndi madzi abwino nazonso ndi chuma, ndipo amene amazitaya si amene amalandira ndalama za mafuta. Lipoti la bungwe la United Nations loona za chilengedwe la mu 2011 lokhudza dera la Ogoni ku Nigeria linapeza kuti m'dera la Nisisioken Ogale anthu ankamwa madzi a m'zitsime okhala ndi mankhwala apoizoni a m'mafuta otchedwa benzene, ochuluka kuwirikiza ka 900 kuposa mlingo umene World Health Organization imalola, ndipo linati kukonza derali kungatenge zaka 25 mpaka 30. Nigeria inali ndi malamulo a mafuta nthawi yonseyo. Chimene chinkasowa ndi mphamvu ya anthu a m'deralo yokana kapena yokakamiza kuti malamulowo atsatidwe.

N'chifukwa chake mlandu wa ku Wild Coast ku South Africa ndimauona kuti ndi wofunika kwambiri. Kumapeto kwa 2021 kampani ya Shell inakonzeka kufufuza mafuta pogwiritsa ntchito mizinga ya mpweya imene imawomba phokoso lalikulu m'madzi usana ndi usiku, pa chilolezo chimene chinaperekedwa mu 2014. Asodzi ndi anthu a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja anakasuma, ndipo mu Sepitembala 2022 bwalo lalikulu la ku Makhanda linagamula kuti chilolezocho chinaperekedwa mosatsata lamulo, chifukwa anthu okhudzidwa sanafunsidwe moyenera. Oweruza anaona kuti kulengeza m'nyuzipepala zimene anthuwo saziwerenga, m'zilankhulo zimene si zawo, komanso kungolankhula ndi mafumu okha, sikungatchedwe kufunsa anthu. Mlanduwo unapitirira ku mabwalo a apilo, koma mfundo yoti anthu ayenera kufunsidwa inatsimikizidwa.

Ku Belize anthu ndi amene anayamba kukana, ndipo kumapeto kwa 2017 Nyumba ya Malamulo inaletsa ntchito zonse za mafuta m'madzi a dzikolo, kenako mu 2018 UNESCO inachotsa matanthwe a korali a kumeneko pa mndandanda wa malo amene ali pa chiopsezo. Ku Virunga, ku Democratic Republic of Congo, kampani ya SOCO inalengeza mu 2014 kuti isiya kufufuza m'dera la Lake Edward anthu atadandaula kwambiri, ngakhale kuti malamulo a dzikolo anali ataletsa kale ntchito zotere m'malo osungira zachilengedwe. Pempho langa n'lakuti lamulo lizilamula kuti anthu afunsidwe chilolezo chofufuzira chisanaperekedwe, osati podikira chilolezo chotulutsira, chifukwa pofika pamenepo zinthu zimakhala zitatha kale ndipo madzi akatayika saoleka. Lizilamulanso kuti mgwirizano wa boma ndi kampani usindikizidwe poyera, ndiponso kuti madzi ndi nsomba ziyezedwe ntchito isanayambe, popeza msodzi sangatsimikizire khoti kuti nsomba zachepa ngati palibe amene analemba mmene zinalili poyamba.

Namalamulo wayankhanso:

Mfundo ya a Wakugombe yoyeza madzi ntchito isanayambe ndi imene milandu yambiri ya chipukuta misozi imagwerapo, ndipo ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi ndalama zokumbira chitsime chimodzi. Kwa bambo Wachuma, ndikuvomereza kuti malo oletsedwa alembedwe chilolezo chisanaperekedwe, koma mawu akuti malamulo okhwima ayenera kukhala ndi ndalama zogwirika kumbuyo kwake. Ku Guyana komwe mwatchulako, bwalo lalikulu linagamula mu Meyi 2023 kuti bungwe loona za chilengedwe linalephera kukakamiza nthambi ya ExxonMobil ya m'dzikolo kupereka chitsimikizo chopanda malire chochokera ku kampani yake yaikulu, choti idzalipira zonse ngozi itachitika. Bwalo la apilo linaimitsa kaye chigamulocho n'kulamula kuti paperekedwe chikole cha madola 2 biliyoni. Nkhaniyi ndi yofunika chifukwa dzina limene limalembedwa pa chilolezo nthawi zambiri si la kampani yotchukayo, koma la nthambi yake imene ilibe chuma china kupatula chitsimecho.

Vuto lomwelo limaoneka mafuta akamatha. Kampani yaikulu imagulitsa munda wa mafuta wokalamba kwa kampani yaing'ono, yaing'onoyo imagwa ndi ngongole, ndipo ntchito yotseka zitsime imatsalira boma. Zinachitika ku New Zealand ndi munda wa Tui mu 2019, komanso ku Australia ndi chombo chotulutsira mafuta cha Northern Endeavour mu 2020. Australia inayankha ndi lamulo la mu 2021 lopatsa boma mphamvu yoitananso mwini wakale kuti adzalipire, ndiponso inaika msonkho wapadera pa makampani a mafuta a panyanja kuti ulipirire ntchitoyo. Chitsime chosatsekedwa bwino pansi pa madzi chikhoza kudontha kwa nthawi yaitali, monga zitsime za Taylor Energy ku Gulf of Mexico zimene zinayamba kutaya mafuta mphepo yamkuntho ya Ivan itagwetsa nsanja yake mu 2004 n'kupitiriza kwa zaka zoposa 15.

Chimene sitinachikhudze ndi madzi a mayiko awiri kapena kuposerapo, ndipo apa malamulo ndi ofooka kwambiri. Pali mapangano a mayiko onena za chipukuta misozi mafuta akatayika m'zombo zonyamula mafuta, koma palibe pangano la dziko lonse lofanana nalo la mafuta otuluka m'zitsime za panyanja. Alimi a ndere za m'nyanja a ku Indonesia amene anakhudzidwa ndi ngozi ya Montara ya mu 2009 anachita kukasuma ku khoti la ku Australia, ndipo anapambana mu 2021, patadutsa zaka 12. Pa nyanja ndi mitsinje ya m'kati mwa dziko pali pangano la United Nations la mu 1997, limene linayamba kugwira ntchito mu 2014, lonena kuti dziko lidziwitse anzake lisanayambe ntchito imene ingawapweteke ndiponso lipewe kuwawonongera madzi, koma mayiko ambiri sanalivomereze. Uganda ndi Democratic Republic of Congo, zimene zimagawana Lake Albert, zinasainirana pangano ku Ngurdoto ku Tanzania mu 2007 pambuyo pa kuwomberana pa nyanjapo, ndipo mwa zina zinagwirizana zoyendetsera limodzi mafuta opezeka m'malire. Choncho a Chidwi, pa bilu iliyonse yokhudza nyanja ya mayiko angapo muyang'anenso ngati ikulamula kuti dziko loyandikana nalo lidziwitsidwe chilolezo chisanaperekedwe, ngati msodzi wa tsidya linalo ali ndi ufulu wosuma m'makhoti a dziko lopereka chilolezo, ndiponso ngati chikole cha kampani chikukwaniranso kulipira zowonongeka za kutsidyako.